Wofolera nyumba ku Zomba: kalipentala wa m'dera, wa foromani, kontrakitala kapena wa pa Facebook?

Okutobala akafika, Zomba yense amalira hamala. Ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi mpaka ku Mpondabwino, aliyense amene khoma lake lafika pa lintala amakhala pa liwiro kuti afolere mvula isanamupeze. Nthawi imeneyi akalipentala odziwa ntchito amakhala atagwidwa kale, ndipo anthu amene chaka chonse palibe wowaitana amapezeka ali ndi madenga atatuatatu. Ine ndinagwa m'manja mwa mmodzi wa amenewa.

Kanali kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yanga. Mkuluyo ndinakumana naye pakhomo pa hadiweya, anandithandiza kukweza matumba a simenti, ndipo pofika pa thumba lachisanu anali atandiwerengera kale nyumba zimene ankati anafolera ndi iye. Ndinamupatsa theka la leba asanakhome msomali ndi umodzi womwe. Masiku anayi denga latha, lowala ngati galasi. Mvula yoyamba ya Novembala itagwa, alendi anandigogodera usiku: "Alandilodi, tabwerani mudzaone, tikugona ndi mabeseni." Kuyambira tsiku limenelo foni ya mkulu uja sinapezekenso. Ndinaitana madala ena a kutchalitchi kwathu, kalipentala wakalekale. Anakwera, anayendayenda pamwambapo osalankhula, atatsika anangopukusa mutu. "Bwana, malata anuwa ndi abwinobwino. Koma mwanayu wakhoma misomali m'ngalande." Msomali wa malata umakhomedwa pa msana, pokwera paja, chifukwa madzi amayenda potsika. Iye anaboola njira yeniyeni ya madzi, bowo lililonse n'kusanduka kampopi.

Tsiku lolipira, denga labwino ndi loipa amaoneka chimodzimodzi. Wosiyanitsa ndi mvula, ndipo mvula imabwera ndalama zitapita kale. N'chifukwa chake poyerekeza anthu ofolera ine ndimafunsa zinthu ziwiri: ntchito yake yakale ndingakaione kuti, ndipo ndikamufuna mu Januwale ndikamupeza kuti.

Zoyang'ana musanagwirizane ndi aliyense

Yambani ndi madenga ake akale, osati a mwezi watha koma amene aona dzinja kawiri kapena katatu. Akutchulireni nyumba zitatu, mupiteko nokha, asakuperekezeni. Mukadali pamsewu yang'anani mzere wa pamwamba pa denga ngati uli wowongoka kapena wagwa pakati. Kenako odi kwa eni nyumba. Funso loti "kodi anagwira bwino?" silikuthandizani, Amalawife sitikonda kuipitsa mnzathu kwa mlendo. Funsani kuti, "Mayi, mvula ya Freddy ija beseni munatchera pati?" Mvula imeneyo, ya Malichi 2023, inagwa masiku angapo osakata, ndipo denga limene linapirira imeneyo lili ndi umboni woposa satifiketi. Ngati nyumbayo ilibe siling'i, lowani dzuwa lili paliwombo, tsekani chitseko, muyang'ane kumwamba. Mukaona nyenyezi masana dziwani kuti misomali inkaphonya thabwa. Ngati siling'i ilipo, zigamba za bulauni m'makona zimanena zokha.

Chachiwiri, kwawo n'kuti. Nambala ya foni si adiresi, simu khadi imatayidwa mu Likangala n'kugula ina. Fikani pakhomo pake, muone mkazi wake, mudziwe mpingo kapena mzikiti umene amapemphera.

Chachitatu ndi mphepo. Zomba ili m'tsinde mwa phiri, mvula ndi yambiri, ndipo mvula zoyamba zimabwera ndi chimphepo chosasula madenga. Kawirikawiri denga silisasuka lata limodzilimodzi, limanyamuka lonse ndi matabwa omwe chifukwa silinamangiriridwe ku khoma. Mufunseni mmisiriyo kuti denga aligwiritsa bwanji ku khoma. Wodziwa akuuzani za waya wokhuthala kapena kachitsulo kaphanthi kozikidwa mu konkire ya pamwamba pa khoma n'kukulunga thabwa, ndipo adandaula ngati womanga sanasiye mawayawo. Akuchenjezaninso kuti denga lotulukira kwambiri kunja kwa khoma limakola mphepo, komanso kuti denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limalimbana nayo bwino kuposa la mbali ziwiri, ngakhale limadya matabwa ndi malata ambiri. Amene angoti "musadandaule bwana, Mulungu alipo" n'zoona Mulungu alipo, koma ntchitoyo musamupatse.

Chachinayi, kotesheni yolemba, zipangizo pazokha leba payokha. Ionetse malata angati, aatali bwanji, geji (kukhuthala kwa lata) yanji, matabwa a saizi yanji, misomali makilogalamu angati. Apa m'pamene anthu amaberedwa mwakachetechete. Nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala: 28 ndi lokhuthala kuposa 30, ndipo 32 ndi pepala chabe. Akalemba mamilimita zimatembenuka, 0.4 ndi lokhuthala kuposa 0.3. Kuwerenga malata sikufuna sukulu yambiri. Lata la mtundu wa IBR, lija la misana ya makona, likalumikizidwa ndi linzake limafunda masentimita 68.6 m'lifupi, ndiye mbali ya denga yotalika mamita 10 ikufuna malata 15. Wina akalemba 19, afotokoze anayiwo akupita kuti. Kotesheni ikhalenso ndi deti. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinaphunzira kuti mtengo wa mwezi watha ndi nthano.

Chomaliza ndi kalipiridwe, ndipo apa sindinyengerera. Ndalama iziyenda kumbuyo kwa ntchito. Pang'ono poyamba pa thiransipoti ndi chakudya cha anyamata, gawo lina matrasi (mafelemu a matabwa onyamula denga) ataima ndipo mwawaona ndi maso anu malata asanawaphimbe, lina malata atatha, ndipo kotsala musunge mpaka mvula yamphamvu igwe kawiri. Makontrakiti akuluakulu amasunga 5 kapena 10 peresenti mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha, inunso mukhoza kutero pa kanyumba ka zipinda ziwiri. Lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba kuti mesejiyo itsale, ndipo mgwirizano ulembedwe ngakhale mu kope la mwana wasukulu, mboni isainire.

Kalipentala wa m'dera, zipangizo mugula nokha

Mtengo. Iyi ndiyo njira yotchipa mwa zonse ngati muli ndi nthawi. Mumalipira leba yokha, yomwe mumakambirana pa nyumba yonse, ndipo malata, matabwa ndi misomali mumakagula nokha ndi lisiti m'manja. Musagwirizane zolipira pa tsiku, denga la sabata imodzi lidzatha mwezi. Mtengo wobisika ndi inuyo: masiku opita mochedwa ku ntchito, kuthamangira misomali ikatha 3 koloko masana, nsima ya anyamata.

Kupezeka. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mumasankha mmene mukufunira. Seputembala akapita wabwino aliyense ali ndi mzere. Amene anaphunzira ku Nasawa kapena ku sukulu zina za ntchito zamanja zomwe zili pansi pa TEVETA, kapena ali ndi pepala la trade test, ali ndi poyambira pabwino, makamaka pa denga la makona ambiri lofuna kuwerenga pulani. Koma ndaona madala osadziwa kulemba dzina lawo akukhoma denga lowongoka ngati chingwe. Pepala lisalowe m'malo mwa kukaona madenga aja.

Kukonza. Apa palibe womuposa. Amakhala kuseri kwa msika, mumakumana pamaliro, sangakuzembeni mpaka kale. Lata likadontha mumatuma mwana kukamuitana.

Poopsa pake. Zipangizo zikakhala zoipa mlandu ndi wanu, ndipo poterera kwambiri ndi pa matabwa. Paini wambiri amene amagulitsidwa kuno amafika ali wauwisi, wochekedwa dzana. Thabwa lotere ndi lolemera, lozizira m'manja, lili ndi utomoni, ndipo likamauma lili padenga limapindika n'kukoka misomali, mabowo n'kukula. Gulani matabwa miyezi ingapo ntchito isanayambe, muwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Apakeni mankhwala a chiswe monga Solignum asanakwere, makamaka kumapeto kumene adulidwa ndi kumene akhudza khoma. Ambiri amapaka oilo wakuda wa galimoto poti ndi wotchipa, koma si mankhwala enieni a chiswe. Bulugama ndi wolimba koma amang'aluka pokhoma. Ndipo matabwa obwera usiku opanda mapepala a Forestry, ngakhale atchipe bwanji, akalandidwa panjira mwataya zonse. Choopsa china ndi chakuti mmisiri wotere alibe inshuwalansi. Mnyamata wake akagwa padenga, achibale adzagogoda pakhomo panu.

Kalipentala wobwera ndi foromani wanu

Womanga khoma nthawi zonse amakhala ndi "mnzanga amene timagwira limodzi".

Mtengo. Umakwererako pang'ono chifukwa foromani amaikapo yake, ngakhale sanena. Kupezeka n'kosavuta, ntchito siima, lero lintala mawa matrasi.

Kukonza. Ubwino wake waukulu ndi wakuti wofunsidwa ndi mmodzi. Denga likadontha pamene lakumana ndi khoma, palibe zoti womanga akuloza kalipentala, kalipentala akuloza womanga. Mawaya omangira denga nawonso amaikidwa pa nthawi yake chifukwa anthuwa amadziwana kagwiridwe.

Poopsa pake. Kudziwana komweko. Ngati khoma lapendama kapena makona a nyumba sali sikweya, kalipentala wachilendo akanakuuzani, koma mnzake wa foromani amangobisa ndi malata. Muyeseni ngati mmene mukanayesera mlendo: madenga ake atatu, kwawo, kotesheni yake. Foromani akakwiya poti mwafunsa zimenezi, pamenepo mwaphunzirapo kanthu za foromaniyo.

Kontrakitala wolembetsedwa, zonse n'zake

Mtengo. Wokwera kuposa onse, ndipo kukwerako kuli ndi zifukwa zake: msonkho, galimoto, kapitawo, phindu la kampani, ndi kenakake kamene amaonjezera pa mtengo wa zipangizo. Chimene mukugula ndi mtendere ndi pepala lomwe lingaime m'khoti.

Kupezeka. Ku Zomba alipo, koma ambiri maso awo ali pa ntchito za boma, za sukulu ndi za mabungwe. Kanyumba kanu kakhoza kukhala kodikira ntchito yaikulu ikaima. Ena amachokera ku Blantyre, ndipo ulendo uliwonse wa pa M3 umalowa mu bilu yanu. Makontrakitala amayenera kulembetsa ku bungwe loona za zomangamanga, lija tinalizolowera kuti NCIC, ndipo satifiketi yake imakhala ndi nthawi yothera. Musakhutire ndi fotokope yomwe wakuonetsani pa foni, funsani ku bungweko ngati dzinalo lilipo ndipo ndi la chaka chino.

Kukonza. Kontrakiti yabwino imakhala ndi miyezi 6 kapena 12 yoti akonze zolakwika mwaulere. Onetsetsani kuti miyeziyo ikudutsa dzinja lathunthu. Denga lotha mu Epulo lokhala ndi miyezi 6 limatuluka mu chitetezo mvula isanalilawe n'komwe.

Poopsa pake. Anthu ambiri sadziwa kuti kampani si imene imakwera padenga. Bwana wa suti amasaina, kenako amakatenga kalipentala yemwe uja wa kuseri kwa msika, mwina wotchipa kuposa amene mukanasankha nokha. Funsani dzina la amene adzagwire hamala ndi la kapitawo amene adzakhalepo tsiku lililonse. Palinso obwereka satifiketi ya anzawo, choncho dzina la pa kontrakiti, la pa satifiketi ndi la pa akaunti ya kubanki likhale limodzi. Ndipo poti zipangizo amagula ndi iye, tsiku limene malata afika mukhalepo. Malata ambiri amakhala ndi chidindo chosonyeza kukhuthala kwake, chiwerengeni asanakweze. Kulipira 28 n'kufoleredwa 30 ndi chinyengo chakalekale, ndipo likakhala pamwamba palibe amene amakwera kukayeza.

Wokhoma wolozeredwa ndi ogulitsa malata

Mukagula malata a utoto odulidwa pa muyeso wanu, kapena aja ooneka ngati matailosi, ogulitsa amakonda kunena kuti "tili ndi anyamata athu".

Mtengo uli pakati. Kupezeka kumadalira ngati mwagula kwa iwo, ndipo malata odula pa oda nthawi zambiri amachokera ku Blantyre, choncho muyeso ukalakwika mudikira ulendo wina.

Kukonza. Anthuwa amadziwa lata lawo: masikuluwu a labala oyenera, kutalikirana kwa matabwa onyamula malata, kadulidwe kosawotcha utoto. Kalipentala wozolowera malata wamba akadula lata la utoto ndi gulainda, tizitsulo totentha timagwera pa utoto ndipo chaka chisanathe denga lachita mathothomathotho a dzimbiri.

Poopsa pake. "Anyamata athu" nthawi zambiri si antchito a sitoloyo, ndi anthu ongoima pakhomo amene amagawana kenakake ndi wogulitsa. Funsani mosabisa: "Denga likadontha ndibwere kwa inu kapena kwa iwo?" Akati kwa iwo, ndiye kuti mwapeza kalipentala wamba wovala yunifomu. Kumbukiraninso kuti wowerenga malata ndi mnzake wa wogulitsa malata, ndipo ambiri a iwo luso lawo ndi la malata, osati la matabwa a pansi pake.

Wa pa Facebook ndi wogogoda pageti

Ndawaika pamodzi chifukwa matenda awo ndi amodzi: ndi iwo amene akupezani, osati inu kuwapeza.

Mtengo umayamba wotsika mokoma, kenako umakula ntchito ili pakati, denga lakale atasasula kale ndipo mitambo yada ku phiri. Pamenepo simukambirananso, mumangolipira. Amapezeka lero lomwe, ngakhale mu Novembala, ndipo mudzifunse chifukwa chake munthu waluso ali wopanda ntchito pa nthawi imene anzake akukana makasitomala. Za kukonza tisataye nthawi.

Poopsa pake ndi paliponse. Zithunzi za pa tsamba lake zikhoza kukhala za nyumba za ku Johannesburg, chikomekome cha mkuyu. Chimphepo chikangodutsa amatulukira ngati ngumbi: "Mayi, ndimadutsa ndaona lata lanu latukuka, ndikwere ndikuonereni?" Musalole munthu amene simunamuitane akwere padenga panu, atsika ndi vuto limene kunalibe. Zizindikiro zake sizisintha: akufuna dipoziti yaikulu lero, ali ndi "malata otsala pa saiti ina" otchipa, nambala yolandirira ndalama ili m'dzina la munthu wina, safuna kulemba. Sindikunena kuti aliyense wotsatsa pa Facebook kapena pa magulu a WhatsApp ndi wakuba, achinyamata ambiri aluso amapezera ntchito kumeneko. Koma tsamba likupatseni nambala yokha, zotsalazo mukaone ndi mapazi anu.

Zikavuta, apolisi kawirikawiri amati nkhani ya ntchito yosagwirika bwino ndi ya pakati pa inu awiri, mupite kukhoti. Kumeneko, kapena ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission ngati ndi kampani, adzakufunsani pepala ndi umboni wa malipiro. Kope la mwana wasukulu lija limagwira ntchito pamenepa.

Ndani ayenera ndani

Ngati mukumanga nyumba yokhalamo ya denga losavuta, muli ku Zomba konkuno ndipo mutha kufika pa saiti m'mawa ndi madzulo, tengani kalipentala wa m'dera amene mwaona madenga ake. Gulani matabwa mu Meyi, mumugwire mu Julaye, malata mugule nokha.

Ngati foromani wanu wakumangirani khoma lowongoka ndipo simunakanganepo pa thumba la simenti, mnzake wa denga ndi woyenera kumuyesa, koma itanani kalipentala wina wachikulire adzaone matrasi malata asanakwere. Ndalama ya tsiku limodzi ya madala otero ndi yochepa poyerekeza ndi siling'i yonyowa.

Ngati muli ku Lilongwe, ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja ndipo mukumanga kudzera pa foni, pitani kwa kontrakitala wolembetsedwa, ndi kontrakiti ndi ndalama yosunga mpaka dzinja. Kusiyira mlamu wanu ndalama za malata kuti aziyang'anira kalipentala kwapasula maubale ambiri. Chimodzimodzi nyumba yosanja, hositelo ya ophunzira ku Chikanda, tchalitchi, kapena denga lililonse lotambalala kwambiri popanda khoma pakati: pamenepo pafunika pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ndi munthu wodziwa kuwerengera kulemera kwa denga. Ngati mwasankha matrasi achitsulo pothawa chiswe, wowotcherera akhale amene anapangapo matrasi, osati wa mageti ndi mawindo okha.

Ngati mwagula malata odula a utoto kapena ooneka ngati matailosi, matabwa akhome kalipentala wanu mogwirizana ndi muyeso wa ogulitsa, malatawo akhome amene anawazolowera.

Ngati denga lasasuka usiku wapitawu ndipo katundu ali pamtetete, musasaine chilichonse lero. Gulani pepala lapulasitiki lakuda kapena tenti, anyamata apamudzi akuthandizeni kufunda, mulipire ganyu ya tsikulo basi. Mawa kukacha mupite kwa aneba amene denga lawo silinagwedezeke, mukafunse kuti anakhoma ndani.